Mmene Ndinakhalira a Rilaki

Ana anga, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene amayi ena a pamsika wa Mwanza amandiitanira kuti a Rilaki, chonsecho dzina langa ndine Esinati Kamwendo. Nthawi zonse ndinkakuyankhani kuti ndi zocheza za akuluakulu, kenako n'kukutumani kumjigo kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Tsopano ndinapuma ntchito, choko chinachoka m'zikhadabo zanga, ndipo palibenso mwana wa sukulu amene angakandiseke kuseri kwa kalasi. Ndiye ndilembe basi, ngakhale kuti pamene ndikulemba pano makutu anga akutentha.

Chaka cha 1994, kwa Nthache

Uphunzitsi ndinauyamba chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anakhamukira kusukulu, aphunzitsi n'kuchepa, ndipo ife amene tinali ndi satifiketi ya Fomu 2 yokha tinatengedwa, kutiphunzitsa mothamanga, basi kutipatsa choko. Ine ananditumiza kusukulu ina ya kwa Nthache, kumene minibasi sinkafika. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko, a Chimbalanga, anali munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ife atsopano ankatitcha aphunzitsi aganyu, ndipo ankanena osatsitsa mawu ngakhale pamaso pa makolo. Mawu amenewo anandilowa, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wosafuna kuti wina aliyense aone pamene nzeru zanga zikuthera.

Anandipatsa Sitandade 1, pansi pa mtengo wa mango. Mabuku kunalibe, masileti kunalibe, ana ankalemba ndi chala padothi ine n'kumayenda chowerama kuchonga ndi kamtengo. M'gulu limenelo munali kamnyamata kochepa thupi dzina lake Yohane Matope, mwana wa bambo wootcha makala, yemwe ankabwera mapazi ali bii. Chala chake ndinachigwira ndine pomuphunzitsa kulemba chilembo choyamba. Tsiku lina m'nyengo yozizira, ndikuyenda pakati pa ana, ndinaona kuti Yohane wadzikodzera ndipo wangouma pamene wakhalapo, misozi ili lengelenge. Anzake anali asanaone. Ndinavula chitenje changa chapamwamba, kumufunda thupi lonse, n'kuuza kalasi kuti mnzanuyu wayamba malungo, apite kunyumba. Mawa lake mayi ake anabweretsa chitenjecho atachapa, ine n'kuiwala za nkhaniyo. Inu musaiiwale, chifukwa ibweranso.

Zaka za uhedi wogwirizira

Maphunziro a uphunzitsi ndinadzawamaliza pang'onopang'ono ndili pantchito, koma Fomu 4 ndinalibe. Ndinasinthidwa sukulu kangapo m'boma lomweli la Mwanza. Bambo anu atamwalira, ananditumiza kukasukulu kakang'ono kufupi ndi msewu wopita kuboma, ndipo mphunzitsi wamkulu wa kumeneko atapuma, anandiuza kuti ndigwirizire mpando wake. Mpandowo unali ndi nyumba yake, ya njerwa zootcha ndi malata, ya zipinda zitatu. Iwe Chifundo ukukumbukira mmene unavinira usiku woyamba wa mvula poona kuti sitikusunthanso mphasa kuthawa kudontha. Kwawo kwa bambo anu kunalibe chathu chotsala, ndipo kwathu kunali kanyumba ka udzu ka malemu amayi kamene kanali katagwa mbali imodzi.

Ndinagwirizira kwa zaka zingapo popanda wondivuta, mpaka kunabwera mlangizi watsopano woyendera sukulu za m'dera lathu, a Msiska, ochokera kumpoto. Sanali munthu woipa, koma sankazungulira polankhula. Atayendera makalasi ndi zimbudzi, anakhala pansi muofesi n'kunena kuti, “Mayi Kamwendo, sukulu mukuyendetsa bwino. Koma ndili ndi aphunzitsi a Fomu 4 amene akudikira mpando ngati uwu, ndipo akamandifunsa ndilibe chowayankha. Lembani mayeso. Mukapeza satifiketi, ine ndikumenyerani nkhondo kuti mukhazikike. Mukapanda kutero, mpando upita kwa wina, ndipo nyumba imatsata mpando.” Ndinawathokoza, kuwapatsa manachesi a m'njira, iwo atangokwera njinga yawo yamoto ine ndinatseka chitseko n'kukhala pansi. Ndinali mayi wa imvi zoyamba, ndipo ankandiuza kuti ndibwerere pabenchi.

Chaka cha mayeso oyamba

Ndinalembetsa sukulu ya masana pasekondale ina ya kuboma, kumene kunkaphunzira obwereza ndi anthu apantchito ana a mmawa akaweruka. Sindinauze mphunzitsi aliyense wa pasukulu panga. Ndikaweruka ndinkamanga dengu pakaliyala wa njinga, mabuku pansi, pamwamba manachesi kapena tomato malinga ndi nyengo, n'kuphimba ndi chitenje. Anthu ankati ahedi ayamba geni, ine ndinkawasiya aziganiza choncho. Kutchedwa wageni kunali kopepuka kusiyana ndi kutchedwa mwana wa sukulu.

Tsiku loyamba la phunziro la Chingerezi, mphunzitsi atalowa, ndinaona mnyamata wamtali wa malaya oyera. Anayang'ana kalasi, maso ake n'kuima pa ine, choko n'kumugwa m'manja. Anali Yohane Matope. Anatuluka n'kubwera atanyamula mpando wa khushoni wa m'chipinda cha aphunzitsi, kuuika kutsogolo pafupi ndi zenera, n'kuupukuta ndi mpango wake.

“Madamu, khalani apa,” anatero atagwira manja kumbuyo. Kenako anatembenukira kalasi. “Awa ndi amene anandiphunzitsa kulemba. Aliyense awapatse ulemu.”

Kunena zoona zinandikomera. Ndinabwera ndi mantha oti ndidzanyozeka, koma m'malo mwake ndinapatsidwa khushoni. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamutcha asala, ndiye kuti sir, monga ankachitira ena onse, iye n'kumanditcha Madamu, ndipo aliyense wa ife ankaona kuti akuchita bwino.

Kaphunzitsidwe kake ka mawu a Chingerezi kanali kotere. Ankatipatsa nkhani yoti tikawerenge kunyumba atadula mzere kunsi kwa mawu ovuta. Tsiku lotsatira ankaloza munthu, munthuyo aimirire, atchule liwulo, anene tanthauzo lake, kenako apange chiganizo chakechake chonena za moyo wake, osati chokopera m'buku. Ankati liwu limene sunaligwiritse ntchito pa zako silinakhale lako, ndipo pamayeso lidzakuthawa. Kwa ena onse anali wosanyengerera. Munthu akaphonya, ankangomva, “Wrong! Khalani pansi,” kenako Yohane n'kufotokoza mpaka wolakwayo abwereze molondola. Koma akafika pa ine mawu ankafewa. Sankalola kuti ndiimirire. Za tanthauzo sankandifunsa, ankangoti, “Madamu, mwina muli ndi chiganizo?” Ndikanena, iye ankati, “Thank you, Madam,” n'kupita kwa wina. Zimangirizo za anzanga zinkabwera zili psuu ndi inki yofiira, zanga zinkabwera zoyera, kachongi kamodzi kumapeto. Ine ndi uchitsiru wanga ndinkaganiza kuti zaka zonse zija zophunzitsa ana zandinola.

Tsiku lina m'nkhani yowerenga munali liwu lakuti reluctant. Nkhaniyo inkanena za mlimi amene anagwira ntchito m'munda tsiku lonse, ndipo madzulo atamuitana kumsonkhano anali reluctant kupita. Dikishonale ya pasukulu panga inali imodzi, ndipo chiswe chinali chitadya theka lake lakumapeto, moti liwuli munalibe. Panali mphunzitsi wachinyamata wa Sitandade 8 amene akanandiuza nthawi yomweyo, koma kumufunsa kukanaulula za dengu lija. Ndiye ndinaganiza ndekha. Munthu walima tsiku lonse, akanakhalanso chiyani? Watopa basi. Ndinalemba m'kope mwanga kuti reluctant ndiye kuti wotopa, ndipo liwulo ndinalikonda, chifukwa linkadzaza m'kamwa ngati la munthu wophunzira.

Mawa lake Yohane atandifunsa chiganizo, ndinanena mokweza kuti, “After riding my bicycle to the boma, I was very reluctant.” Kumbuyo kunamveka kakuseka kotsekereza ndi dzanja. Yohane anayang'ana kumeneko ndi diso loopsa, kenako anayang'ana pansi, n'kunena kuti, “Thank you, Madam.” Liwulo sanalifunsenso wina aliyense tsiku limenelo, anangolumphira lotsatira. Ine kuyambira pamenepo ndinalisandutsa moni. Ndikafika thukuta lili kamukamu, ndinkaimika njinga n'kunena pakhomo kuti, “Good afternoon, sir, today I am very reluctant.” Kalasi inkaseka, ine n'kumaseka nawo, poganiza kuti akusangalala ndi mayi wachikulire woyankhula Chingerezi chakuya. Zinayenda choncho mpaka mayeso. M'chimangirizo cha pamayeso, chonena za ulendo wautali, liwulo ndinaliwaza paliponse pamene munthu anatopa, ndipo ndinatuluka m'holo ndikumwetulira.

Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena ndinakhoza, ena mwapendapenda, koma Chingerezi ndinalephera. Popanda Chingerezi sapereka satifiketi. A Msiska anabwera, kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Ndikupatsani chaka chimodzi china, mayi. Kupitirira apo manja anga amangika.” Madzulo ake ndinayenda m'nyumba ija chipinda ndi chipinda ngati ndikutsanzika.

Chaka chotsatira

Ndinali ndisanabwerere kusukulu ya masana pamene ndinapita kumsika wa kuboma kukagula usipa. Ndikusankha, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: “A Rilaki! A Rilaki, mwasowatu!” Anali Joakina, mayi amene tinkaphunzira naye, yemwe ankagulitsa zitenje zooda ku Zobue, kutsidya kwa malire. Iyeyo mayeso anakhoza, ndipo anali atayamba ukalaliki kuofesi ina yothandiza madalaivala a mathiraki pa zikalata za pachipata cha m'malire. Anali munthu wa pakamwa posatseka, koma wopanda njiru.

“Mukuitana ndani?” ndinafunsa.

Anagwira pakamwa. “Iii, senyora, pepani, langotuluka. Mesa ndi dzina lanu la m'kalasi.”

“Dzina langa?”

“Eee, la rilakitanti lija. Atsikana aja analifupikitsa.” Anandiyang'anitsitsa, kuseka n'kumuthera. “Kodi mpaka pano simukudziwa? Liwu lija sikutopa ayi, amayi. Ndi kunyinyirika. Munthu sakufuna kuchita chinthu, mtima ukukana, akachita ndiye mokoka miyendo. Ndiye inu daily pakhomo mumawauza asala kuti lero mwabwera mosafuna.”

Ndinamva ngati nsalu yandivuka pakati pa msika. Ndinafunsa kuti ankadziwa ndani, iye anati onse. Ndinafunsa ngati asala nawonso ankadziwa, ngakhale kuti yankho ndinali nalo kale.

“Iwowo ndiye oyamba. Anatiopseza kuti amene adzakuuzeni kapena kukusekani poyera achoka m'kalasi mwawo. Komanso si liwu limeneli lokha, amayi. Analipo ambiri.”

Usipa uja ndinausiya pamenepo. Ndinakankha njinga osakwera mpaka kutuluka m'boma. Ndinkaona nkhope za atsikana aja mmodzimmodzi, ena ana a anthu amene ndinawaphunzitsa, onse akundiyang'ana nditakhala pa khushoni kutsogolo, ndikulankhula zopanda mutu monyadira. A Chimbalanga anali atamwalira kale, koma tsiku limenelo mawu awo aja a aphunzitsi aganyu ndinawamva bwinobwino m'makutu. Ndinafika pakhomo n'kukuuzani kuti mutu ukundipweteka, ndipo iwe Tiyamike unandibweretsera madzi ndi mankhwala amene sindinamwe.

Kwa masiku angapo maganizo anga anali oti ndingosiya. Ndikauze a Msiska kuti apereke mpando kwa wina, ine ndibwerere ku Sitandade 1 kumene palibe liwu londiposa, tikafolere kanyumba ka amayi kaja. Kubwerera m'kalasi ija kunali kovuta kuposa kusamuka. Koma ndikayang'ana inu mukulemba ntchito ya kusukulu patebulo, pansi pouma, ndinkadzifunsa kuti ndidzakuuzani kuti tinachoka chifukwa chiyani. Manyazi aja anayamba kusanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unandikweza njinga Loweruka mmawa kupita kunyumba kwa Yohane.

Ndinamupeza akuchapa nsapato pakhonde. Atandiona anathamangira m'nyumba kukatenga mpando, koma ine ndinakana kukhala. Iye ananjuta pafupi ndi khonde monga mwana wolandira malangizo.

“Iwe Yohane,” ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina chilowereni m'manja mwake, “reluctant ndi chiyani?”

Anayang'ana pansi. Sanafunse kuti ndamva kwa ndani.

“Chaka chathunthu ukundithokoza pa zinthu zolakwa. Zimangirizo zanga unkaziwerenga?”

“Ndinkawerenga, Madamu.”

“Zinali bwino?”

“Ayi, Madamu.” Anapukusa mutu. “Cholembera chofiira ndinkachitenga, koma dzanja linkakana. Ndikanayamba bwanji kunena kuti wrong kwa inu, pamaso pa ana aja? Amayi anga akanamva akanati ndapenga. Inu munandifunda chitenje tsiku lija anthu asanaone. Ine sindinaiwale. Ndimati nanenso ndikufundeni.”

Apa mkwiyo wanga unasweka pakati, chifukwa ndinaona kuti mnyamatayu sankandinyoza. Ankandibwezera zabwino m'njira yokhayo imene ankaidziwa, ndipo inenso ndinali nditaulandira ulemuwo ndi manja awiri chifukwa unkandikomera. Komabe ndinamuuza zimene ndinabwerera.

“Ine ndinakufunda n'kukutumiza kunyumba kuti ukasinthe kabudula. Iwe wandifunda n'kundisiya ndili chonyowa chaka chonse, kalasi yonse ikumva fungo. Nyumba imene ndikugona ndi ana anga ikupita, Yohane. Ngati ukundilemekeza, Lolemba ukandichite zimene umachita ndi ena onse.”

Anati ayesa. Ndinamuuza kuti zoyesa sindikuzifuna.

Lolemba ndinafika mofulumira. Mpando wa khushoni unali pamalo ake pafupi ndi zenera. Ndinaunyamula ndekha kukausiya m'chipinda cha aphunzitsi, n'kubwera kudzakhala pabenchi yachitatu, pakati pa mtsikana wobwereza ndi mnyamata wogwira ntchito pachigayo. Ambiri m'kalasimo anali omwe aja amene analephera limodzi nane, odziwa dzina langa lachiwiri. Mawondo anga sankakwana bwino pansi pa desiki.

Yohane analowa, kuona pamene panali mpando, n'kuona ine. Anayamba ndi ena monga mwa nthawi zonse. Atafika pa ine, ndinaimirira asanandiletse. Anandipatsa liwu lina la m'nkhani ya tsikulo, ine n'kunena tanthauzo limene ndinaliganizira, ndipo nkhope yake inandiuza kuti ndaphonya. Milomo yake inayamba kupanga thank you uja mwachizolowezi, ine n'kumuyang'ana m'maso osaphethira.

“Wrong, Madam,” ananena motsitsa, ngati akupepesa pamaliro.

“Sindinamve, asala.”

“Wrong!”

Ndinakhala pansi. Ndinkayembekeza kuti popeza ndinapempha ndekha sizindipweteka, koma zinandipweteka kwambiri. Nkhope inatentha, maso anachita chidima, ndipo ndinkangoyang'ana mayina amene ana anazokota padesikipo. Palibe anaseka. Yohane anafotokoza liwulo, ine n'kubwereza kawiri mpaka linakhala bwino. Asanapite kwa wina ndinakweza dzanja n'kunena kuti pali liwu la chaka chatha limene sitinamalize. Anamvetsa. Analemba reluctant pabolodi, n'kufotokoza kuti limanena za mtima osati thupi, kuti munthu akhoza kukhala ndi mphamvu zake zonse koma osafuna, ndipo kuti kawirikawiri umatchulanso chinthu chimene munthuyo akunyinyirika kuchita. Anapereka zitsanzo za mwana wotumidwa kumunda ndi za dalaivala wouzidwa kuti atsitse katundu pachipata. Kenako anandiyang'ana, kudikira chiganizo changachanga, chonena za moyo wanga.

Ndinaimirira n'kunena kuti, “My teacher was reluctant to correct me.”

“Correct,” anatero, kenako anatembenuka n'kuyamba kufufuta mbali ya bolodi imene panalibe cholembedwa chilichonse.

Chimangirizo changa chotsatira chinabwera chofiira kuyambira pamutu mpaka kumapeto, ndipo pansi analemba kuti ndilembenso. Chaka chimenecho ndinamva wrong kambirimbiri, ndipo palibe tsiku limene ndinamuzolowera. Mnyamata wa pachigayo uja ankandibwereka dikishonale yake, ine n'kumamupatsa manachesi. Dengu ndinapitiriza kumanga pakaliyala, koma mabuku ndinayamba kuika pamwamba, ndipo mphunzitsi wanga wa Sitandade 8 atawaona anangoti, “Ahedi, tinkadziwa kale,” zimene zinandipatsanso manyazi ena a sabata yathunthu.

Chingerezi ndinakhoza mongodutsa, popanda chodzitamandira, koma satifiketi inatuluka. A Msiska anasunga mawu awo, ndinakhazikika pampando, ndipo m'nyumba ija ndi mmene nonse munakulira mpaka ine kupuma ntchito. Yohane pano ndi bambo wa imvi zake, koma akandiona pamsewu amatsikabe njinga. Dzina lija lokha ndi limene silinachoke. Atsikana a m'kalasi ija ndi amene lero akugulitsa pamsika, ndipo ndikamadutsa ndi kathumba kanga, wina amakuwa kuchokera kuseri kwa mulu wa tomato kuti, “A Rilaki!” Ndimatembenuka n'kuvomera, chifukwa ndi langa, koma makutu amatenthabe.